Mau a Makolo ndi Ulendo wa Mwana wa Mcewa ku Sukulu

Caka ndi caka, kumapeto kwa mwezi wa August, pamene Acewa a ku Zambia, Malawi ndi Mozambique asonkhana pa Mkaika kudzalamba kwa Kalonga Gawa Undi, bwalo limadzala ndi acinyamata. Alipo anamwali obvina, alipo oimba ndi oomba m'manja, ulipo ndi unyinji wa ongodzapenya. Mwambo ukatha ndipo masukulu akatsegulidwa mu September, ena mwa iwo adzabwerera m'kalasi, ena adzalondola ng'ombe kudambo, ena adzayamba kukonzekera banja. Cimene cimapatula njira zitatuzi kawirikawiri si nzeru za mwanayo iai, koma mau amene wakhala akumva panyumba onena za pomwe sukulu yake idzalekezera. Mwana wa zaka 14 sayeza yekha kutalika kwa ulendo wake. Amauyeza ndi muyezo umene akulu amupatsa. Muyezo umenewu wakhala ukusintha m'zaka zopitirira 120 zapitazi, ndipo tifuna kulondola m'mene unasinthira kuno ku Cigawo ca Kum'mawa kwa Zambia.

Tiyambe ndi funso limene mlendo angaliyese lopepuka: kodi kholo la mwana wa Mcewa ndani? Kale yankho lake silinali atate. Mwamuna akakwatira anali kupita cikamwini kumudzi kwa mkazi, ndipo ana obadwa anali a mbumba ya kucikazi. Mwini mbumba anali mlongo wa amai, amene timati atsibweni kapena amalume. Iye ndiye anali nkhoswe, woimira ana a alongo ake pa maukwati, pa milandu, pa matenda ndi pa maliro, ndipo iye akamwalira dzina lake ndi katundu wake zinali kugwera kwa abale a mbumba, osati kwa ana ake omubala. Atate anali ndi ulemu wao, ndipo ndiwo anali kuphunzitsa mnyamata kusema mpini, kuluka nkhokwe ndi kuchera misampha, koma nkhani ikakula mau otsiriza anali a alamu ao. Mfundo iyi tiisunge bwino, pakuti ndiyo inadzabvuta pamene sukulu inayamba kufuna ndalama.

Masiku amenewo mnyamata kapena mtsikana sanali kudabwa za m'tsogolo mwake, pakuti njira inali yolambula kale. Mtsikana akatha msinkhu anali kulangidwa m'tsimba ndi anamkungwi, ndipo aphungu ake anali kumuyang'anira kufikira atalowa m'banja. Mnyamata anali kucoka m'nyumba ya amai ake nakagona kumphala, ndipo nthawi yake ikakwana akulu anali kupita naye kudambwe, kumene nkhani zake sizilembedwa pa pepala. Awa anali maphunziro enieni, okhala ndi aphunzitsi ake, mayeso ake ndi tsiku lake lotsiriza. Makolo anali kudziwa cimene afuna kuti mwana adzakhale, ndipo mwanayo anali kuciona ndi maso mwa akulu ake. Motero sukulu ya Azungu itafika, inapeza kuti mwana wa zaka 14 ali kale ndi eni ake.

Amishoni a Dutch Reformed Church ocokera ku Orange Free State anafika pa Magwero m'caka ca 1899, patangopita caka cimodzi Angoni a Mpezeni atagonja kwa asilikali a Angelezi. Kucokera pamenepo anatsegula Madzimoyo mu 1903, Nyanje mu 1905 ndi Nsadzu mu 1908. Akatolika a White Fathers anakhazikika pa Kachebere mu 1903, ndipo a Anglican anamanga pa Msoro. Mishoni iliyonse inali ndi timasukulu ta m'midzi, ta udzu kapena ta pansi pa mtengo, momwe mphunzitsi, amenenso anali mlaliki, anali kuphunzitsa kuwerenga, kuwerengera ndi katekisimu. Makolo ambiri sanazilandire. Amishoni anali kufuna kuti mwana wa sukulu ataye gule ndi cinamwali ca makolo, ndipo mafumu okhala ndi mizinda anaona kuti cimene cifunidwa si ana cabe koma mudzi weniweniwo. Akuluakulu anali kutiuza kuti mphunzitsi akaumiriza, mudzi unali kupereka mwana amene unamuona ngati wosasowa: wamasiye, kapena wofooka amene sakanatha kuthamangitsa anyani m'munda. Ena mwa otayidwa otere ndiwo anadzakhala aphunzitsi ndi akalaliki oyamba, ndipo amene anawapereka anadzawagwadira powapempha kuti awawerengere zikalata za boma.

Cimene cinafewetsa mitima ya makolo sicinali ulaliki koma msonkho. Kuciyambi kwa zaka za m'ma 1900 boma la kampani ya British South Africa linaika msonkho wa nyumba wa masheleni atatu, ndipo ndalama sizinali kumera m'munda wa cimanga. Amuna anayamba maulendo a pansi opita ku Walale, ndiko kunena ku Southern Rhodesia, ena ku migodi ya ku Joni, ena ku mapulazi a fodya ozungulira Fort Jameson, imene lero ndi Chipata, ndipo kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1920 ku migodi ya mkuwa. Kucepa kwa malo kunaonjezera moto: kampani ya North Charterland itatenga dziko lalikulu, anthu anapanikizidwa m'malo opatulidwa momwe nthaka inaguga msanga, ndipo boma linadzaombola dzikolo mu 1941. Mwamuna akakhala kutali, cingwe comumanga kumudzi cinali kalata basi. Mai wosadziwa kuwerenga anali kunyamula kalata ya mwamuna wake kupita nayo kwa mphunzitsi kapena kwa mnansi, ndipo zinsinsi za m'nyumba, ngakhale kuculuka kwa ndalama zotumizidwa, zinali kumveka mudzi wonse dzuwa lisanalowe. Apa ndipo panabadwa muyezo woyamba: mwana aphunzire kufikira adziwe kuwerenga ndi kulemba kalata. Akafika pamenepo, patapita zaka ziwiri kapena zitatu, makolo anali kunena kuti sukulu yatha nchito yake, ndipo mwanayo naye anali kukhulupirira kuti waphunzira.

Koma amuna obwerako ku nchito anadza ndi nkhani ina. Anali ataona kuti ku mgodi ndi ku pulazi munthu wa pensulo amakhala pamthunzi kulemba matikiti, nalandira zambiri kuposa wa fosholo. Nthawi yomweyo boma la atsamunda, limene linatenga ulamuliro kwa kampani mu 1924, linakhazikitsa nthambi yoyang'anira maphunziro a anthu akuda mu 1925, ndipo sukulu inasanduka makwerero: Sub A ndi Sub B, kenaka Sitandadi 1 kufikira 6. Makwerero ake anali opyapyala kumwamba. Sukulu ya m'mudzi inali kulekezera pa Sitandadi 2. Wofuna kupitiriza anayenera kusankhidwa, kucoka pamudzi ndi kukagonera ku mishoni, atanyamula mphasa, bulangeti ndi ndalama za sukulu. Wotsiriza Sitandadi 6 anali munthu wamkulu m'dera lonse. Akanatha kukhala mphunzitsi, kalaliki wa pa boma, mlembi wa bwalo la mfumu kapena wothandiza adokotala m'cipatala. Umenewu unakhala muyezo waciwiri, ndipo unali wodula.

Ndani adzalipira?

Pano ndi pomwe mwambo wathu unakumana ndi funso limene makolo akale sanalikonzere yankho. Mwambo unali kunena momveka amene adzaima pa mlandu wa mwana ndi amene adzalira maliro ake, koma za ndalama za sukulu unali cete. M'midzi yambiri zokambirana zake zinali kuyenda motere. Atate anali kuti: "Alamu, mwanayu ngwanu. Ine ndine tambala cabe pamudzi pano. Ndigulitsirenji mbuzi zanga kuphunzitsa mwana amene akadzayamba kulandira adzakumbukira inu?" Amalume nao anali kuyankha kuti: "Alamu, munabala ndinu, ndipo amachulidwa dzina lanu ku sukuluko. Inenso ndili ndi anga kumene ndinakwatira." Mwana anali kumva zonsezi ali kuseri kwa nkhokwe, ndipo anali kuzindikira kuti palibe amene amuyembekezera kupita patali. Ana anzeru ambirimbiri anathera pa Sitandadi 2 kapena 4, osati cifukwa ca kusowa kwa mbuzi m'khola, koma cifukwa eni mbuzi awiri anali kukankhirana udindo. Ukwati ukatha, monga unali kutha kawirikawiri m'masiku a maulendo aatali, atate anali kunyamula nkhwangwa ndi bulangeti lao nabwerera kwao, ndipo sukulu ya ana inali kutsala m'manja mwa amai okha.

Komabe tingalakwire makolo athu tikanena kuti mwambo wa mbumba unali mdani wa sukulu. Pomwe amalume anali atalawako maphunziro, kapena anali ndi nchito yokhazikika ku Broken Hill, ku Luanshya kapena ku Lusaka, mwambo womwewo unasanduka mlatho. Mai anali ndi mphamvu yonse yotumiza mwana kwa mlongo wake, ndipo mlongoyo sakanakana osacita manyazi pamaso pa mudzi wonse. Nyumba za zipinda ziwiri za ku Matero ndi za m'makomboni a migodi zinalera ana a mbumba osawerengeka, ogona pansi m'cipinda cocezera ndi kupinda mphasa mbandakuca. Mwana wotere anali kukula akudziwa kuti sukulu yake ndi ngongole, ndi kuti iyenso akadzayamba nchito adzatenga ana a alongo ake. Tikayang'ana mabanja a Acewa amene lero ali ndi aphunzitsi, anamwino ndi maloya ambiri, kawirikawiri timapeza kuti gwero lake ndi munthu mmodzi amene anaphunzira m'zaka za m'ma 1940 kapena 1950 nakoka mbumba yonse pambuyo pake. Kusiyana kwa mwana wotsala ndi mwana wopitirira kunali kwakuti wina anali ndi mkulu mmodzi wonena motsimikiza kuti, "Uyu ndidzamuphunzitsa ine."

Panalinso mantha ena amene sanali kunenedwa mokweza. M. G. Marwick, amene anakhala pakati pa Acewa a kuno mu 1946 ndi 1947 nabweranso mu 1952, anapeza kuti kunenezana ufiti kunali kucitika makamaka pakati pa abale a mbumba imodzi. Nsanje yotere inali kukhudza ndi sukulu yomwe. Mwana akakhoza bwino, agogo anali kumulangiza kuti asaonetse pepala lake kwa aliyense, ndipo wopita ku sukulu yakutali anali kunyamuka usiku osatsazika. Langizo lotere linali la cikondi, koma linali kuphunzitsanso mwana kuti kupambana anzake n'koopsa.

Pamwamba pa Sitandadi 6 panali kakhomo kakang'ono ndithu. Sukulu ya sekondale ya Munali inayamba mu 1939 ku Lusaka, pa mtunda wa makilomita opitirira 500 kucokera ku Fort Jameson, ulendo wa masiku pa malole a Thatcher and Hobson, kudutsa mapiri ndi cigwa cotentha ca Luangwa. Pambuyo pake ndipo kuno kwathu kunadzakhala masekondale monga Chizongwe, Katete ndi Chassa. Kholo la kumudzi silikanalota za malo amene silinawamvepo, ndipo ambiri amene anafika kumeneko anakankhidwa ndi munthu wina wapadera, mphunzitsi kapena mbusa. Malemu Rupiah Banda, amene anakhala mtsogoleri wa dziko lino kuyambira 2008 kufikira 2011, anabadwira ku Gwanda mu Southern Rhodesia mu 1937, kwa makolo a kuno amene anapita kukafuna nchito. Pa maphunziro ake anathandizidwa ndi mlaliki wa Dutch Reformed Church, nafika ku Munali, ndipo pambuyo pake ku yunivesite ya Lund ku Sweden. Pa mwana mmodzi wopeza womugwira dzanja cotere, analipo mazana amene sanamupeze.

Za atsikana nkhani yake inali ina, ndipo mau olamulira anali a amai, agogo ndi anamkungwi. M'mudzi wa cikamwini mwana wamkazi ndiye mzati: iye ndiye adzabweretsa mkamwini wolima, ndiye adzabala ana okulitsa mbumba, ndiye adzasamala amai ake akakalamba. Kumutumiza kutali kunali ngati kuzula nsanamira ya nyumba. Cotero muyezo wa mtsikana sunali kuwerengedwa ndi makalasi koma ndi thupi lake: aphunzire kufikira atatha msinkhu, basi. Popeza ana anali kuyamba sukulu atakula kale, ena a zaka 10 kapena kuposa, msinkhu unali kumupeza ali m'makalasi oyambirira. Amishoni nao sanali kuyembekezera zambiri. Maphunziro a atsikana anali makamaka kusoka, kuphika ndi kusamala nyumba, kuti adzakhale akazi abwino a aphunzitsi. Makalasi oyamba a sekondale a atsikana anayamba pa Chipembi mu 1946, zaka zisanu ndi ziwiri pambuyo pa Munali.

Ufulu ndi mbadwo wathu

Pa 24 October 1964, tsiku la ufulu, dziko lonse linali ndi anthu akuda pafupifupi 100 okha otsiriza maphunziro a yunivesite. Boma latsopano, nduna yake ya maphunziro ali a John Mwanakatwe, linathamanga kumanga masukulu. Ana a sekondale anali pafupifupi 14,000 mu 1964, koma pofika 1970 anapitirira 50,000, ndipo maboma monga Petauke, Lundazi ndi Chadiza anakhala ndi masekondale aoao ogonera komweko. Yunivesite ya Zambia inatsegulidwa mu 1966 ndi ophunzira 312, ndipo anthu wamba anasonkha kuti imangidwe, ena ndalama, ena mbuzi ndi nkhuku. Munthu amene wapereka nkhuku yake ku yunivesite amayamba kufunsa kuti kodi mwana wake sangakalowemo.

Ife amene tinalowa sukulu m'zaka zimenezo tinakula pansi pa muyezo wacitatu, umene unakwera mofulumira kuposa yonse. Sukulu inali yaulere, mabuku olembamo anali kuperekedwa, ndipo ku sekondale boma linali kudyetsa ndi kugoneka ana. Mkangano wa atate ndi amalume unazirala, pakuti cotsala cinali yunifomu, thiranki ndi ndalama ya basi. Nchito zinali kudikira: Azungu anali kucoka m'maofesi, ndipo wotsiriza Fomu 2 m'zaka za m'ma 1960 anali kusankha yekha pakati pa boma, banki, njanji ndi migodi. Makolo athu, ambiri a iwo osadziwa kulemba dzina lao, anaona mwana wa mnansi akubwera pa Khirisimasi ndi wailesi, njinga ndi malata a nyumba, ndipo anayamba kulankhula za Fomu 5 ngati malo amene anafikako. Amai amene sakanatha kuwerenga lipoti anali kufunsa funso limodzi lokha, lakuti, "Wakhala nambala ciani?" Funso limenelo linali lokwanira kuti mwana adziwe kuti kunyumba kuli womuwerengera.

Koma mau a nthawi imeneyo anali ndi mbali ina imene tiyenera kuinena mosabisa. Ciopsezo comveka m'nyumba iliyonse cinali cakuti, "Ukalephera udzagwira khasu ngati ine." Mtundu wa alimi, umene nkhokwe zake zadyetsa matauni a dziko lino, unaphunzitsa ana ake kuti khasu ndi cilango ca olephera. Ukalipentala, umakaniko ndi kumanga nyumba zinaonedwa ngati nchito za amene mutu unawakana. Nchito yoyenera inali ya taye ndi colembera, ndipo makolo anali kusankhiratu: mnyamata akhale kalaliki kapena mphunzitsi, mtsikana akhale namwino. Pamene boma linayesa kukweza nchito za manja, ndi minda ya pa sukulu ndiponso ndi kusintha kwa maphunziro kwa mu 1977, linapeza kuti makolo analankhula kale. Mwana anali kulima munda wa sukulu ngati wogwira cibalo, maso ali ku ofesi.

Maloto amenewo anayamba kusweka mu 1975, mtengo wa mkuwa utagwa. Masukulu a pulaimale anali ataculuka kuposa malo a ku sekondale, ndipo mayeso a Giredi 7 anasanduka sefa yotaya ana ambiri kuposa amene inali kupititsa. Mwana wa zaka 14 anali kubwerera kumudzi ndi dzina lakuti wolephera, kukagwira khasu lomwe lija anauzidwa kuti n'lamanyazi. Pofika pakati pa zaka za m'ma 1980, nthawi yomwe mwambo wa Kulamba unatsitsimutsidwa mu 1984 utaletsedwa kwa zaka 50, ndalama zogonera ku sukulu zinali kubwerera, pamodzi ndi zopereka za makolo ndi aphunzitsi. M'zaka za m'ma 1990 makampani a boma anagulitsidwa, anthu anacotsedwa nchito, ndipo amalume a m'tauni amene anali mlatho wa mbumba anabwerera kumudzi ndi masutikesi okha. Makolo anaona anyamata a Giredi 12 akugulitsa ndudu imodzi-imodzi pa siteshoni ya basi, ndipo anayamba kuwerengera mwa njira ina.

Kuwerengera kwao sikunali kopusa. Fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wa pacala ngwa mphepo. M'madera a Katete, Chadiza ndi Sinda mnyamata akaweta ng'ombe za munthu wina kwa zaka zitatu kapena zinai amalipidwa ng'ombe yake, imene idzabala, idzakoka pulawo ndi ngolo. Kholo likaika pa sikelo ng'ombe yooneka ndi maso ndi setifiketi imene mwina sidzabala kanthu, n'kosabvuta kuona kumene sikelo idzapendekera. Thonje ndi fodya nazo zimafuna manja ambiri pa miyezi yomwe sukulu ili mkati. Ndalama zikacepa, woyamba kuuzidwa kuti adikire caka camawa anali mtsikana, ndipo caka camawaco cinali kumupeza ali ndi pakati kapena ali pa banja. Muyezo umene unakwera m'zaka khumi unatsika m'zaka khumi zina.

Pamwamba pa zonsezi panagwa mliri wa Edzi, umene unatenga makamaka mbadwo wa olipira sukulu. Maliro akatha, abale a mwamuna anali kugawana katundu m'dzina la mwambo, kusiya mkazi ndi ana pa mphasa, ngakhale mwambo weniweni sunalole kuti wolowa dzina atenge katundu nasiya udindo. Lamulo la cuma ca masiye la mu 1989 linalowererapo: munthu akafa osalemba wilo, magawo 50 pa 100 alionse ndi a ana ake, 20 a mkazi kapena mwamuna wotsala, 20 a makolo ndi 10 a ena amene anali kuwasunga. Kwa ife Acewa lamuloli linali ndi tanthauzo lalikulu, pakuti linanena poyera cimene sukulu inakhala ikunong'oneza kwa zaka zambiri, kuti ana a mwamuna ndi amene iye anabala. Citengwa cinali citawanda kale, ndipo lero atate ambiri sakayikanso kuti sukulu ya ana ndi yao. Koma m'zaka zowawa zija amene anagwira nsonga ya cingwe anali agogo aakazi, amene anaphika mowa, kuumba mbiya ndi kugulitsa nshawa kuti adzukulu amasiye asacoke m'kalasi.

Zipata zinatsegulidwanso pang'onopang'ono. Mu 1997 boma linalola kuti mtsikana wotenga pakati abwerere ku sukulu atabereka. Mu 2002 maphunziro a Giredi 1 kufikira 7 anakhala aulere, ndipo mu January 2022 ulerewo unafika ku Giredi 12, caka comwe boma linalembanso aphunzitsi opitirira 30,000. Mu 2023 lamulo la maukwati linasinthidwa kuti ukwati wa munthu wosakwana zaka 18 usabvomerezedwe, ngakhale wa mwambo. A Kalonga Gawa Undi ndi mafumu ao akhala akulamula kuti cinamwali ndi za kudambwe zizicitika pa nthawi ya chuti, ndi kuti ana a sukulu asakwatiwitsidwe. Nkhondo ija ya mphunzitsi ndi mwini mzinda, imene inayamba m'masiku a Magwero, yafika pomwe mwana angathe kukhala wolangidwa ndi wophunzira pamodzi, wosataya cimodzi kuti apeze cinzake.

Funso lakuti ndani adzalipira lacepa mphamvu tsopano, ngakhale yunifomu, nsapato ndi cakudya ca ku sukulu yogonera zikali kufuna ndalama. Cimene catsala poyera ndi funso lakale lija la pomwe mwana adzalekezera, ndipo lamulo silingathe kuliyankha. Lamulo la 1997 limatsegula citseko, koma amene amanena ngati mtsikana adzalowanso ndi amai ake, pakuti ndiwo adzatsala ndi khanda. Sukulu yaulere imalandira mnyamata, koma amene amanena ngati ng'ombe zidzapeza mbusa wina ndi atate ndi amalume. Taona ana awiri a m'kalasi imodzi, anzeru zofanana, wina akunena kuti adzakhala dokotala wa ziweto ndipo wina akunena kuti adzaona Giredi 9 ikatha. Ukalondola kwao upeza kuti woyambayo ali ndi wina panyumba amene amamufunsa za mayeso ndi kuchula dzina la koleji, pamene winayo amafunsidwa za nkhuni ndi madzi basi.

Kuyambira mu 2025 dongosolo la maphunziro layamba kusinthidwanso: pulaimale idzakhala ya zaka zisanu ndi cimodzi, ndipo ku sekondale dzina la Fomu, limene ife tinakula nalo, labwerera. Dongosololi lifuna kuti mwana asankhe msanga njira yake, kaya ya sayansi, ya malonda, ya ulimi kapena ya luso la manja, ali ndi zaka 13 kapena 14. Pa msinkhu umenewo kusankha kumacitikira pa mphasa madzulo, osati mu ofesi ya aphunzitsi aakulu. Makolo a ana amenewa ndi ana athu ndi adzukulu a aja anaopsezedwa ndi khasu, ndipo pa misonkhano ya makolo imene takhalapo m'midzi, oculuka pa mabenchi ndi amai ndi agogo aakazi; atate amabwera owerengeka, ndipo amalume sabwera n'komwe pokhapokha mwana atapalamula.